Mmene mungadziwire ngati timu yanu yagula bwino osewera kapena yangomwaza ndalama

Sizoni ikangotha mpira umachoka pabwalo n'kulowa m'mafoni. Juni, Julayi mpaka Ogasiti sapota aliyense amasanduka mkulu wogula osewera, m'magulupu a WhatsApp mumangomveka kuti tigule uyu, uyo azipita, akuluakulu a timu yathu akugona, ndipo pakangotuluka chithunzi cha wosewera atanyamula jezi yatsopano ena alengeza kale kuti ligi chaka chino ndi yathu pomwe ena akuti basi tathera pompa. Ineyo mikangano imeneyi ndimaikonda kwambiri ndipo ndakhalamo zaka zambiri, koma ndinaona kuti ambirife timaweruza windo, nthawi ija yomwe matimu amaloledwa kugula ndi kugulitsa osewera, ndi zinthu ziwiri zokha, dzina la wosewera ndi mtengo wake, pomwe funso lenileni ndi lakuti kodi bowo lomwe linatigwetsa sizoni yatha latsekedwa kapena likadali pompo. Nde apa ndikufuna ndikuyalireni mmene ndimachitira ine ndisanatsegule pakamwa kunena kuti tagula bwino kapena tapusa.

Musanatsegule tsamba lililonse la mphekesera, tengani kaye pepala ndi cholembera. Jambulani bwalo, muikepo malo 11 potengera mmene kochi wanu amaimikira timu, kaya ndi 4-3-3 kaya ndi 3-4-3, mmene iyeyo amaseweretsera osati mmene inuyo mumalakalakira. Pamalo aliwonse lembani maina awiri, woyamba gemu ndi womulowa m'malo. Kenako khwatchani onse omwe kontirakiti yawo yatha, omwe anabwera pa loni ndipo akubwerera kwawo, ndi omwe zadziwika kale kuti akupita. Amene wadutsa zaka 31 muzungulizeni mzere, amene anakhala kunja miyezi yoposa itatu chifukwa chovulala muikeni kanyenyezi pambali. Mukatero muyang'ane pepalalo mofatsa.

Chaka china ndinachita zimenezi usiku, titakangana ndi anzanga tsiku lonse kuti timu yathu ikufunika sitiraika wa dzina. Pepala lili patebulo, foni ili pambali ikungolira mauthenga, ndikuona kutsogolo kuli maina asanu opanda chizindikiro chilichonse, koma kumanzere kwa difensi kuli dzina limodzi lokha, ndipo dzina lomwelo lili ndi mzere komanso kanyenyezi, munthu wa zaka 32 woti bondo limamuvuta pafupipafupi, pansi pake popanda wina aliyense. Tsiku lonse lija palibe mmodzi mwa ife anatchulapo malo amenewo chifukwa difenda wakumanzere sasangalatsa kukamba. Windo inatsekedwa tisanagule munthu pamenepo, sitiraika anabweradi tinasangalala, koma pofika Okutobala mkulu uja anavulala ndipo kochi anayamba kuikapo wapakati woponya ndi mwendo wamanja. Zigoli zambiri zomwe tinachinyitsa miyezi imeneyo zinadzera mbali yomweyo. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka.

Pepala lija mulionjezere ndi tebulo ya ligi ya sizoni yatha. Onani zigoli zomwe munamwetsa ndi zomwe munachinyitsa, muyerekeze ndi matimu omwe anathera pamwamba panu. Kenako kumbukirani magemu omwe munataya mapointi, munagonja bwanji. Kodi anakuchinyani pa makona, kodi anakuthamangirani mutangotaya mpira pakati, kapena munali ndi mpira mphindi 90 zonse koma osapeza njira timu ina itadzaza kumbuyo? Awa ndi matenda atatu osiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Liverpool ya Jürgen Klopp ndi chitsanzo chomwe ndimabwerezabwereza. Zigoli inkamwetsa zambiri, vuto linali kumbuyo. Mu Januwale 2018 inagulitsa Philippe Coutinho ku Barcelona, munthu woti masapota ankamukonda kwabasi, n'kutenga Virgil van Dijk ku Southampton pa £75 miliyoni. Itagonja 3-1 ndi Real Madrid mu fainolo ya Champions League ku Kyiv, inapita ku Roma kukatenga goloboyi Alisson, ku Monaco n'kutengako Fabinho woti azitchinga patsogolo pa difensi. Mu 2017-18 inachinyitsa zigoli 38 mu ligi, sizoni yotsatira 22 zokha, inatenga Champions League mu 2019 kenako ligi mu 2020 patatha zaka 30. Palibe sitiraika wa dzina anagulidwa apa. Anayang'ana pomwe pakudontha n'kutsekapo basi.

Chinthu chomwe masapota timachiiwala kwambiri ndi khomo lotulukira. Maso onse amakhala pa obwera, koma nthawi zambiri windo imaonongeka ndi munthu mmodzi yemwe wachoka mwakachetechete. Mu 2003 Real Madrid inatenga David Beckham, dziko lonse linakamba, ndipo m'windo yomweyo inalola Claude Makélélé kupita ku Chelsea. Makélélé sankamwetsa zigoli, ntchito yake inali kulanda mpira ndi kutseka mipata kuti Zidane, Figo, Raúl ndi Ronaldo azisewera momasuka kutsogolo. Atachoka iye timu yodzaza ndi akatswiri ija sinatengenso La Liga mpaka 2007. Leicester City nayo itatenga ligi mu 2016 inasunga Jamie Vardy ndi Riyad Mahrez koma N'Golo Kanté anapita ku Chelsea, sizoni yotsatira Chelsea inatenga ligi, Leicester inathera pa nambala 12. Nde wosewera akamachoka musangofunsa kuti anamwetsa zingati, dzifunseni kuti ankagwira ntchito yanji yomwe anzake sankagwira, ndipo ndani aigwire tsopano. Ngati simukupeza dzina, lembani kuti pamenepo pali bowo latsopano olo timu itagula anthu asanu kwina.

Ndipo ndalama zogulitsira katswiri sizimasanduka katswiri wina zokha. Tottenham mu 2013 inagulitsa Gareth Bale ku Real Madrid pa ndalama pafupifupi £85 miliyoni n'kugula anthu 7, Paulinho, Chadli, Soldado, Capoue, Chiricheș, Eriksen ndi Lamela. Papepala zinkaoneka ngati timu yalimba paliponse, koma pofika Disembala chaka chomwecho inakwapulidwa 5-0 pakwawo ndi Liverpool ndipo kochi André Villas-Boas anachotsedwa. Pa asanu ndi awiriwo Eriksen yekha ndi amene anakhaladi mzati wa timu. Barcelona nayonso inalandira €222 miliyoni za Neymar mu 2017, aliyense ankadziwa kuti ili ndi ndalama m'thumba ndipo ili pa changu, nde mitengo ya Dembélé ndi Coutinho inakwera moopsa. Timu yanu ikagulitsa munthu wamkulu kumapeto kwa windo, dziwani kuti ogulitsa onse akuionera patali.

Tsopano za mphekesera, chifukwa apa ndi pomwe mitima ya anthu imaonongekera. Transifa ili ndi masitepe ndipo mawu omwe atolankhani amagwiritsa ntchito amakuuzani kuti nkhani ili pati. Akati timu ili ndi chidwi ndi wakutiwakuti, zimenezo si kanthu, timu yaikulu iliyonse imaonera osewera ambirimbiri omwe sidzawagula. Akati agwirizana ndi wosewera pa za malipiro, ndiye kuti mbali imodzi yatheka koma timu yake ikhoza kukanabe. Kenako pamabwera kupereka mtengo, kukambirana, kugwirizana kwa matimu awiri, medikolo, kusaina, ndi kulembetsa ku ligi nthawi isanathe. Paliponse apa zinthu zikhoza kugwa. Nabil Fekir mu 2018 anangotsala pang'ono kukhala wa Liverpool, nkhani inafera kumapeto kwenikweni. David de Gea pa 31 Ogasiti 2015 amapita ku Real Madrid, mapepala anachedwa kulowa, munthu anatsala ku Manchester United zaka zina 8. Nde musalowetse dzina pa pepala lanu lija mpaka timu yeniyeniyo italengeza.

Muzionanso yemwe akunena. Atolankhani ngati David Ornstein kapena Fabrizio Romano, komanso omwe amatsata timu imodzi tsiku ndi tsiku, ali ndi mbiri yoti mukhoza kuitsata n'kuona kuti ananena zoona kangati. Peji ya pa Facebook yomwe yangoika chithunzi chokonza pa kompyuta popanda kunena komwe yazitenga, isiyeni. Komanso muzidzifunsa kuti nkhaniyi ikupindulira ndani. Ejenti akafuna kuti wosewera wake amukwezere malipiro, njira yachidule ndi kutulutsa nkhani yoti matimu atatu akumufuna, nayo timu ikafuna kukhazika pansi mitima ya masapota okwiya imalola kuti zimveke kuti ikuthamangitsa dzina lalikulu. Ine ndimati nkhani ikanenedwa ndi anthu awiri odalirika omwe sakukoperana, pamenepo ndiye ndimayamba kuiganizira.

Pa ndalama mpofunika kukhalitsapo pang'ono chifukwa mikangano yambiri imachokera posamvetsa mmene matimu amawerengera. Mtengo womwe mumauona pa mutu wa nkhani nthawi zambiri umakhala wophatikiza ndalama zotsimikizika ndi zina zomwe zidzaperekedwe pokhapokha wosewera akakwanitsa magemu akutiakuti kapena timu ikatenga chikho, ndipo olo zotsimikizikazo zimaperekedwa pang'onopang'ono pa zaka zingapo. M'mabuku a timu mtengo umagawidwa pa zaka za kontirakiti, kutanthauza kuti munthu wa £50 miliyoni akasaina zaka 5, chaka chilichonse amawerengedwa £10 miliyoni, kuphatikizapo malipiro ake. Ichi nchifukwa chake Chelsea inkapereka makontirakiti ataliatali, Enzo Fernández anabwera mu Januwale 2023 pa £106.8 miliyoni n'kusaina zaka 8 ndi theka kuti mtengo upyapyale pachaka, mpaka UEFA kenako Premier League anatseka njirayi chaka chomwecho ponena kuti kugawaku kusamadutse zaka 5.

Mbali inayo ndi yomwe imawawa. Mwana wa mu akademi sanagulidwe, nde akagulitsidwa ndalama yonse imalowa m'mabuku ngati phindu nthawi imodzi. Mukaona timu ikugulitsa mwana wake woti masapota amamuimbira nyimbo, ngati mmene Chelsea inagulitsira Mason Mount ku Manchester United mu 2023 ndi Conor Gallagher ku Atlético Madrid mu 2024, kawirikawiri nkhani yake imakhala ya mabuku. Ndipo malamulowa amaluma zenizeni. Pansi pa lamulo la zachuma lotchedwa PSR timu ya mu Premier League sinkaloledwa kuluza ndalama zoposa £105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo mu sizoni ya 2023-24 Everton inalandidwa mapointi 10 omwe anatsitsidwa kufika pa 6 itachita apilo, kenako inalandidwanso 2, Nottingham Forest inalandidwa 4. Ine sindikonda kuona mwana wa pakhomo akugulitsidwa kuti mabuku ayere, ndimaona kuti timu imataya kanthu kena komwe sikagulidwa, koma ndikamakwiya ndimafuna ndizidziwa chomwe ndikukwiyira, osangoti mwini timu ndi woumira pomwe mwina manja ake ndi omangika.

Musapusitsidwenso ndi mawu akuti wabwera ulere. Chichokereni chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa wosewera wina dzina lake Bosman mu Disembala 1995, wosewera yemwe kontirakiti yake yatha amachoka popanda timu yake kulandira kanthu, ndipo malamulo a FIFA amamulola kusainirana ndi timu ina kukatsala miyezi 6. Koma ndalama yomwe ikanapita ku timu yogulitsa imapita kwa wosewerayo ndi ejenti wake, ya posaina komanso malipiro okwera. Malipirowo ndi amene amapha matimu. Alexis Sánchez anapita ku Manchester United mu Januwale 2018 posinthana ndi Henrikh Mkhitaryan, panalibe mtengo wa transifa, koma anapatsidwa malipiro akulu kwambiri, anamwetsa zigoli 5 m'magemu 45, ndipo zikatero vuto limakhala pawiri, kumugulitsa kumavuta chifukwa palibe angakwanitse kumulipira, komanso anzake mu timu akamakambirana makontirakiti atsopano amaloza pa iyeyo. Nde pa munthu aliyense wobwera funsani zinthu zitatu pamodzi, mtengo, malipiro ndi zaka zomwe wasaina, kenako muone kuti kontirakitiyo ikamatha adzakhala ndi zaka zingati. Pa loni funsani ngati timu ili ndi ufulu wosankha kumugula kapena ili yokakamizika kumugula, chifukwa yachiwiriyo ndi kugula ndithu kungoti bilu yasunthidwira chaka chamawa. Pitaninso pa tsamba la pa intaneti la Transfermarkt muone osewera anu enieni omwe atsala ndi chaka chimodzi, chifukwa kusainitsa mzati wa timu kontirakiti yatsopano nthawi zina ndi ntchito yaikulu kuposa kugula mlendo, kungoti sikumveka phokoso.

Tifike pa wosewera mwiniwakeyo. Vidiyo ya mphindi 8 ya pa YouTube yokhala ndi nyimbo kumbuyo ikhoza kupangitsa aliyense kuoneka ngati katswiri, chifukwa wokonzayo wasankha zabwino zokhazokha pa zaka zitatu. Ngati mukufunadi kumudziwa pezani gemu yathunthu imodzi kapena ziwiri, makamaka yomwe timu yake inagonja kapena inali koyenda, ndipo maso anu akhale pa iye yekha olo mpira uli kutali. Timu ikataya mpira amabwerera kapena amangoyenda, asanalandire mpira amatembenuza mutu kuona kumbuyo kwake, akapanikizidwa ndi anthu awiri amatani, pofika mphindi ya 75 miyendo ikadali ndi mphamvu? Ndinachitapo izi ndi winga wina yemwe tinkamuimbira m'manja asanafike. Mu vidiyo ankadutsa anthu ngati mitengo, koma mu gemu yathunthu ndinawerenga kanayi konse m'chigawo choyamba chokha pomwe difenda wa mbali yake anatsala yekha ndi anthu awiri, iye ataima chapakati manja ali m'chiuno. Kochi wathu nthawi imeneyo ankafuna mawinga othamangitsa mpira osapuma, nde ndinadziwiratu kuti awiriwa sagwirizana, ndipo sizoni isanafike pakati mnyamatayo anali pa benchi.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse ya dzina. Wosewera wabwino mu timu yolakwika amaoneka woipa. Mohamed Salah ku Chelsea sankapatsidwa mpata, anapita ku Italy, Liverpool itamutenga ku Roma mu 2017 panali anthu ambiri onena kuti ameneyu analephera kale ku England, koma mu timu yothamanga ya Klopp anamwetsa zigoli 32 mu ligi sizoni yoyamba. Andy Robertson anachokera ku Hull City yomwe inali itangotuluka mu ligi, pa ndalama pafupifupi £8 miliyoni, palibe anavina. Kanté anapita ku Leicester kuchokera ku Caen anthu ambiri asakumudziwa n'komwe. Kumbali ina PSG mu 2021 inasonkhanitsa Messi, Sergio Ramos, Donnarumma, Wijnaldum ndi Hakimi pamwamba pa Neymar ndi Mbappé, anthu n'kumati iyi ndiye windo yoposa zonse, koma Real Madrid inaitulutsa mu Champions League pa ndime ya matimu 16. Champions League inadzabwera mu 2025, Messi, Neymar ndi Mbappé onse atachoka, timu ya Luis Enrique yothamanga limodzi itaswa Inter 5-0 ku Munich. Nde funso likhale lakuti kodi munthuyu amachita bwino zomwe kochi wathu amafuna pamalo amenewo, ndipo akalowa iye akutuluka ndani. Ngati akubwera kudzakhala pamalo pomwe pali kale wosewera wanu wabwino kwambiri, mwagula mkangano wa m'chipinda chovalira.

Mbiri ya kuvulala muione musanaone zigoli. Onani mphindi zomwe wasewera pa sizoni zitatu zapitazi, ngati chaka chilichonse amaphonya magemu 12 kapena 15, musaganize kuti kwanu adzachira. Radamel Falcao anali mmodzi mwa masitiraika oopsa padziko, anaduka mtsempha wa m'bondo mu Januwale 2014, Manchester United inamutenga pa loni chaka chomwecho ndipo anamwetsa zigoli 4 zokha. Za zaka zakubadwa ndiye musazitenge ngati lamulo louma. Kawirikawiri kugula munthu wa zaka 29 pa mtengo waukulu ndi kuika ndalama pomwe simudzazibwezanso, koma Sir Alex Ferguson anatenga Robin van Persie ku Arsenal mu 2012 ali ndi zaka 29, anamwetsa zigoli 26 mu ligi ndipo United inatenga chikho, pomwe sizoni yapitayo inachiphonya chifukwa cha kusiyana kwa zigoli kokha. Timu yomwe yatsala sitepe imodzi kuti itenge ligi ikhoza kugula za lero, timu yomwe ikumangidwa kumene isatengere zimenezo.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono toti muone mwachangu. Ku Premier League timu imalembetsa osewera 25 ndipo osapitirira 17 akhale omwe sanakulire m'matimu a ku England kapena Wales, a zaka zosapitirira 21 sawerengedwa, nde nthawi zina goloboyi wachitatu yemwe mukudabwa kuti wagulidwiranji wabwera kudzakwaniritsa nambala imeneyi. Ngati ndi chaka cha AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, werengani kuti ndi angati mu timu yoyamba omwe adzachoke mwezi wathunthu pakati pa sizoni, ndipo ngati timu yalowa mu mpikisano wa ku Ulaya magemu achuluka, benchi yomwe inakwana chaka chatha chaka chino siikwana.

Masewero opimana mphamvu a mu Julayi musawaikire mtima. Mu Julayi 2022 Manchester United ya Erik ten Hag inakuntha Liverpool 4-0 ku Bangkok, mwezi wotsatira inagonja 2-1 ndi Brighton pakwawo kenako 4-0 ku Brentford. Chomwe mungatolepo pa magemu amenewa ndi malo omwe kochi akumuika wosewera watsopano, ana a mu akademi omwe akupatsidwa mphindi zambiri, ndi yemwe wasiyidwa kunyumba timu ikupita kokakonzekera, chifukwa ameneyo nthawi zambiri ali pa msika.

Chiwerengero cha ogulidwa nachonso sichinena zambiri. Tottenham mu 2018 sinagule munthu olo mmodzi, masapota anakwiya, koma inafika mu fainolo ya Champions League mu 2019. Liverpool mu 2024, Klopp atachoka, inangoonjezera Federico Chiesa mu timu ya sizoni imeneyo ndipo Arne Slot anatenga ligi. Pomwe Nottingham Forest itakwera mu 2022 inagula anthu oposa 20 m'windo imodzi, inapulumuka inde koma movutikira, chifukwa anthu osadziwana amafuna nthawi kuti ayambe kumvana pabwalo. Sindikunena kuti kusagula ndi nzeru, Tottenham yomweyo inadzalipira pambuyo pake timu itakalamba nthawi imodzi, kungoti kukhala chete kwa windo kumatanthauza zosiyana kwa timu yomwe pepala lake lilibe mabowo ndi kwa timu yomwe lili ndi mabowo anayi.

Windo ikatsekedwa bwererani ku pepala lija. Lowetsani obwera, chotsani opita, muwerenge kuti pa mabowo omwe munalemba poyamba ndi angati atsekedwa, angati atsala, ndi angati atsopano atseguka. Pamenepo ndiye nenani maganizo anu, ndipo muwanene ndi zifukwa zake zoti mnzanu akhoza kuzitsutsa, monga kuti tagula bwino pakati koma difenda wapakati akavulala mmodzi tilibe wina, osangoti windo yabhoo kapena windo yachabechabe. Lembani mu foni ndi deti lake, muikenso zomwe mukuyembekezera kwa wobwera aliyense, kaya ndi magemu 30, kaya ndi zigoli 12, kaya kungoti azipumitsa wina. Izi zimathandiza chifukwa pofika Disembala tonse timayamba kukumbukira kuti tinanena kale, pomwe sitinanene. Ndipo chonde anzanga, kutsutsa kugula kwa timu n'kosiyana ndi kupita pa Instagram ya mnyamata wa zaka 21 yemwe wangofika m'dziko lachilendo, chilankhulo sakuchidziwa, n'kukamutukwana chifukwa cha mtengo womwe sanauike yekha. Mafunso anu apite kwa omwe anasaina cheke.

Zomwe munalembazo muzitsegule pakatha magemu 10 a ligi, osati awiri. Thierry Henry atafika ku Arsenal mu 1999 anatha magemu 8 oyamba osamwetsa, Arsène Wenger akumusintha kuchoka ku winga kupita pakati, ndipo munthu yemweyo anadzamwetsa zigoli 228 mu jezi imeneyo. Pa magemu 10 muone kaye mphindi zomwe watsopano aliyense wasewera ndi malo omwe akuseweretsedwa, kenako muone ngati mtundu wa zigoli zomwe zinkakuvutani chaka chatha, za pa makona zija kapena zothamangiridwa zija, zachepa. Ngati wosewera sakulowa n'komwe, fufuzani ngati anali wofunidwa ndi kochi kapena anagulidwa ndi akuluakulu kochi asakufuna, chifukwa zikakhala choncho vuto lili m'maofesi ndipo lidzabweranso windo yotsatira. Malo omwe pofika pamenepo akadali ndi dzina limodzi lokha, alembeni pa pepala latsopano, limenelo ndiye mudzayambire Januwale akafika.